A Jasinto ndi Mnzawo Wopanda Dzina

Mwezi uno chatha chaka chimwalirireni a Jasinto. Palibe mwambo womwe wachitika. Mwana wawo yekhayo ali kutsidya kwa malire, ku Tete, ndipo kuno analibe mbumba yoti n'kufulula thobwa la chikumbutso. Ine si m'bale wawo. Ndine telala chabe, koma ndinagawana nawo khonde la sitolo imodzi pano pa Mwanza Boma kuyambira chaka chomwe tinayamba kuvotera zipani zambiri, iwo mbali ya kumsewu ndi zitini zawo za penti, ine mbali ya kukhomo ndi makina anga osokera. Ndikapanda kulemba ine, sindikuona wina amene angalembe.

Anali munthu wamtali, wowonda, wa zala zazitali zomwe sizinkayera ngakhale azitsuke ndi parafini. Chichewa chawo chinkatuluka chitasakanikirana ndi Chinyungwe ndi Chipwitikizi. Anthu apamsika, atamva kuti kwawoko wojambula amati pintolo, anangowapatsa dzina lomwelo. Ine ndinkawaitana a Jasinto, iwo n'kumanditcha a Nachisale, ndipo ulemu umenewo sitinausiyepo ngakhale tsiku loti takangana.

Kukangana ndiye tinkakangana. Fungo la penti linkalowa m'nsalu za makasitomala anga. Wayilesi yanga iwo ankati imawagwedeza dzanja. Tsiku lina dontho lobiriwira linagwera pa diresi laukwati lomwe ndinali nditalisoka sabata yathunthu, ndipo sitinalankhulane mpaka mwezi unatha. Sanapepese ndi pakamwa. M'mawa wina ndinangopeza chikwangwani chatsopano chitapachikidwa pamwamba pa makina anga, pali dzina langa ndi sizasi wotsegula kukamwa ngati ng'ona. Ndinawagulira mandasi awiri, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ankadyera zikwangwani: mitu yometedwa bwino ya pababashopu, mbuzi ya pabutchala, manambala a kumbuyo kwa mathiraki opita ku Mozambique. Nthawi ya kampeni ntchito inkachuluka. Khoma lina la pafupi ndi depoti analipaka mitundu ya zipani zitatu, wina pamwamba pa unzake, ndipo anyamata a chipani atabwera kudzawafunsa kuti kwenikweni ali mbali iti, anawayankha kuti penti sivota, nawonso chiphaso chovotera alibe.

Koma ntchito yomwe ankaiwerengera inali ina. Ankajambula nkhope za anthu ofera kutali. Kuno kwathu anyamata ambiri amapita ku Joni, ndipo si onse amabwerako, ngakhale m'bokosi. Amayi a kwa Kanduku kapena kwa Nthache ankafika pakhondepo fumbi lili m'miyendo, atamanga kachithunzi ka pasipoti pansonga ya chitenje. Ena ankabwera chimanjamanja. A Jasinto ankawakhazika pabenchi n'kuyamba kufunsa: anali ndi mpata wa mano kodi, chipsera chinali mbali iti, ankafanana ndi ndani pabanjapo. Nthawi zina ankaitanitsa m'bale wa malemuyo kuti adzakhale pabenchipo tsiku lonse, iwo n'kumabwereka mphuno kapena chipumi. Ankajambula pa bolodi ndi penti yomweyi timapakira zitseko. Sindinganame kuti zinkafanana ndendende. Makutu ankakula, maso ankangoyang'ana molunjika, ndipo manja ankawavuta kotero kuti aliyense ankamupisitsa m'thumba. Koma aliyense ankamuveka jekete, ngakhale anafera m'ovolosi. Ndipo m'munsi mwa bolodi iliyonse ankasiya kachigawo koyera kolembapo dzina la munthuyo, dzina la mayi ake, mudzi wa kwawo ndi komwe anagona. Popanda kachigawo kameneko bolodi sinkachoka pakhondepo.

Bambo wina wa kwa Nthache anadandaulapo kuti mng'ono wake anali munthu wansangala, nanga bwanji amujambula atatseka pakamwa.

"Tamumwetulitsani pang'ono, a Pintolo. Amayi akachiona chonchi akaliranso."

"Inu munkamuona akuseka kuno," anatero a Jasinto. "Uko anakafera munamuonako?"

Bamboyo anachoka atakwiya. Mawa lake anabwera ndi njinga n'kudzaitenga bolodiyo mmene inalili.

Pakhoma, pamwamba pa pomwe ankakhala, panali mapepala atatu a kalendala yakalekale, atakutidwa m'mapulasitiki a shuga. Anawapatsa ndi sisitere wina wa ku Canada yemwe ankathandiza odwala kumsasa wa anthu othawa nkhondo. Pa pepala lililonse panali chithunzi chojambula pamanja cha munthu wofiirira khungu, wa tsitsi lalitali, nthenga kumutu, mikanda m'khosi, bulangete paphewa. Mmodzi anali ndi mendulo yaikulu pachifuwa. Kajambulidwe kake kanali kouma ngati ka a Jasinto omwe. Sisitereyo anawauza kuti awa anali anthu a mtundu wa Ojibwe, eni nthaka a kumpoto kwa America, m'mbali mwa nyanja zikuluzikulu. M'zaka za m'ma 1800 ena mwa iwo anakwera sitima zapamadzi kupita ku Ulaya, komwe ankavina m'maholo, anthu n'kumalipira kuti awaone. Ojambula akumeneko, ena osaphunzira ntchitoyo kusukulu, ankawakhazika pampando n'kuwajambula. Ena anabwerera kwawo. Ena nthomba inawaphera konko.

Awiri mwa atatuwo anali ndi mayina m'munsi, ataliatali, omwe a Jasinto ankawatchula mwa njira yawoyawo. Wachitatu anali bambo wachikulire pang'ono, wotseka milomo, woyang'ana ngati akuona chinthu kuseri kwa wojambulayo. M'munsi mwake munangolembedwa mawu a Chizungu onena kuti dzina lake silikudziwika. Ameneyo a Jasinto ankamutcha mnzawo.

"Mnzanu uja wadzuka bwanji lero?" ndinkawafunsa mocheza.

"Ali chomwecho," ankayankha, osaseka.

Chomwe chinkawapweteka, monga wojambula, chinali chakuti yemwe anajambula bamboyo anali munthu wosamala. Mikanda anaijambula umodziumodzi, nthenga iliyonse ndi mizere yake. Ankati ntchito yotere imatenga masiku, ndiye kuti anthu awiriwo anakhala m'chipinda chimodzi moyang'anizana, wina akumva mnzake akutsokomola, koma dzina silinafunsidwe, kapena linafunsidwa koma silinasungidwe. Zimenezo ankati sangamukhululukire mmisiri mnzawoyo, ngakhale anafa kalekale.

Panapita zaka ndisanadziwe chifukwa chake. Anandiuza masana ena mvula itatitsekera pakhondepo, popanda kasitomala ndi mmodzi yemwe. Anathawa nkhondo kuchokera kumudzi wina wa kufupi ndi Moatize ali atatu: iwo, akazi awo a Rozina, ndi mwana wawo wamkazi Amelia. Kumsasa kunkabwera alendo a magalimoto oyera. Alendo akamabwera, anthu ankauzidwa kuti avine, ndipo a Jasinto ankaimba ng'oma. Alendowo ankajambula zithunzi zambiri n'kumapita nazo. Chaka china dzinja litafika, kolera inalowa mumsasamo ndipo a Rozina anapita pasanathe masiku awiri. Analibe chithunzi chawo chilichonse. Patapita nthawi, a Jasinto anaona kabuku ka Chizungu pa tebulo la muofesi ya msasawo, ndipo atatsegula anapezamo akazi awo, ataima pamzere wolandirira ufa, chidebe chili m'manja, nsalu yong'ambika paphewa. M'munsi munalembedwa kuti mayi wothawa nkhondo. Basi.

Anang'amba tsambalo n'kulibisa m'malaya. Kuchokera pamenepo anajambula bolodi yawo yoyamba. Chidebe anachichotsa. Anawaveka ndolo ndi mpango wabuluu womwe ankapita nawo kutchalitchi. M'munsi analemba kuti Rozina, mwana wa Fatima, anagona ku Mwanza. Bolodi imeneyo sinkakhala pakhonde. Inkakhala m'kanyumba kawo ka chipinda chimodzi kuseri kwa msika.

Mtendere utabwera, mabasi akubweza anthu kwawo, Amelia anali atakula. Anafuna kupita, iwo anakana. Mwanayo anati kwawo kuli minda ndi abale, iwo anati nanga manda a amayi ako adzalambula ndani. Anakangana mpaka basi inaliza injini. Amelia anakwera ndi azakhali ake, ndipo mawu omaliza omwe ananena pawindo anali akuti bambo ake asankha akufa kusiya amoyo. A Jasinto ankabwereza mawuwo popanda mkwiyo. Ankati mwanayo sananame. Amelia anakwatiwa ku Tete, ndipo ankabwera mwa apo ndi apo, n'kubwerera tsiku lomwelo boda isanatseke.

Nkhani yomwe sindidzaiwala ndi ya ku Blantyre. Bwana wina wa mumzinda anaima pa Boma kukonzetsa tayala, ndipo poyendayenda anaona mabolodi atatsamira khoma akudikira eni ake. Anati akukonza chionetsero cha zojambula zokumbukira anthu othawa nkhondo, ndipo a Jasinto ndi munthu yemwe ankamufuna. A Jasinto anagwira ntchito miyezi itatu. Anajambula anthu a kumsasa omwe ankawakumbukira, mphunzitsi wina, mzamba wina, mkulu wina wosoka nsapato, aliyense ndi dzina lake. Sindinawaonepo akusangalala chomwecho. Ankaimba ndi mluzu. Ndinawasokera suti ya khofi, ndipo anandipempha kuti ndiwaperekeze poti Chizungu sankachimva, pomwe ine ndimatolako. Mabolodi ena anatsogola pa galimoto ya bwanayo. Ya a Rozina anainyamula okha, itakulungidwa m'chitenje.

Holoyo inali ya makoma oyera ndi magetsi ambiri. Mabolodi anali atapachikidwa kale. Titayandikira tinaona kuti kachigawo ka m'munsi ka iliyonse kamatidwa ndi tepi yakuda. Bwanayo anati n'kongofuna kuti zioneke mwaukhondo. Analandira bolodi ya a Rozina, n'kuimatanso, n'kuipachika pakati penipeni. Kenaka anawayang'ana a Jasinto kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Madala, jeketeyo muvule. Alendo akufuna akuoneni mmene mumagwirira ntchito kwanu. Takupezerani malaya awa. Nsapatozo muvulenso."

Malayawo anali ong'ambika m'khosi. Pakona panali patayalidwa mphasa, pali zitini za penti ndi bolodi yosajambula.

"A Jasinto kwathu sagwira ntchito opanda nsapato," ndinatero.

"Mayi, ndi za tsiku limodzi chabe."

Ndinkadikira kuti a Jasinto akane, poti munthu wake anali wokana. Koma anavula jekete n'kundipatsa. Anamasula zingwe za nsapato, naziika bwinobwino pambali, nakhala pamphasapo. Masana onsewo anajambula, anthu atanyamula matambula akuwazungulira, ena akugwada kuti awajambule bwino mapazi. Atamaliza nkhope imodzi anthu anawomba m'manja. Ine ndinaima pafupi ndi khomo, jekete ili m'manja, osadziwa koyang'ana.

Dzuwa litapendeka, bwanayo anabwera ndi mayi wina wachizungu, wachikulire, wooneka wachifundo ndithu. Mayiyo anafuna kugula bolodi ya a Rozina. Bwanayo anati mtengo wake ndi wabwino kwambiri, kungoti adula kachigawo ka m'munsiko ndi sowo kuti ikwane m'felemu.

"A Nachisale," anatero a Jasinto, akadali pamphasa, "afunseni ngati akufuna kudziwa dzina la munthu akumugulayo."

Ndinafunsa. Mayiyo anamwetulira, nagwira pamtima, nati dzina silofunika kwenikweni, chifukwa nkhope imeneyi ikuimira amayi onse omwe anavutika ndi nkhondo. Ndinamasulira mmene ananenera.

"Auzeni kuti sakuimira onse. Ameneyo ndi Rozina. Ankaopa achule. Ndiwo ankathira mchere wambiri, ndinalankhula mpaka ndinatopa. Auzeni zimenezo."

Sindinathe kumasulira zonse. A Jasinto anadzuka, navala nsapato, namanga zingwe mosafulumira. Anatenga jekete m'manja mwanga n'kuivala pamwamba pa malaya ong'ambikawo. Kenaka anayamba kukhoma la kumanzere, kumatula tepi pa bolodi iliyonse, imodzi ndi imodzi, mpaka mayina onse anaonekera. Pomaliza anatsitsa ya a Rozina n'kuikulunga m'chitenje chake.

"Mukundichititsa manyazi, madala," anatero bwanayo motsitsa mawu. "Mwayi ngati uwu sudzakupezaninso."

"Ndikudziwa, bwana."

Mabolodi enawo anatsala komweko ndipo sitinawaonenso. Mu minibasi anakhala kuwindo, bolodi ili pamiyendo. Ndinkaganiza kuti akwiyira bwanayo kapena mayi uja, koma atatsegula pakamwa, titawoloka mlatho wa Shire, sanatchule aliyense wa iwo.

"Nsapato zija ndinavula ndekha, a Nachisale. Palibe anandigwira mwendo."

"Munachita ulemu basi."

"Iyayi. Pamene ankawomba m'manja paja ndinamva kukoma. Zaka zonsezi palibe anandiwomberapo m'manja. Mnzanga uja mwina nayenso ankavina bwino. Mwina ankamva kukoma. Kenaka n'kubwerera kuchipinda komwe kunalibe womuitana dzina."

Sabata yotsatira anatsitsa pepala la munthu wopanda dzina uja n'kuyamba kumujambula pa bolodi yaikulu. Anatengera zonse, mikanda, nthenga, bulangete. Kachigawo ka m'munsi kanakhala koyera masiku ambiri. Ndinawauza kuti angomupatsa dzina lililonse, ngakhale lawo lomwe, nanga adziwa ndani. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati kumupatsa dzina lina n'kumuberanso kachiwiri. Pamapeto pake analembapo kuti: Anali ndi dzina, amayi ake ankalidziwa. Anagona kutali.

Zaka zomaliza ng'ala inawagwira maso onse awiri. Pa Boma panatsegulidwa masitudiyo okuza chithunzi cha pafoni n'kuchiika m'galasi tsiku lomwelo, ndipo amayi a kumidzi anayamba kupita kumeneko. A Jasinto sanadandaule. Ankati bola akulemba mayina. Ankabwerabe m'mawa uliwonse, n'kutsegula zitini, kuvundula penti kuti isagwirane, n'kutsekanso. Nthawi zina tsiku linkatha osalankhula ndi munthu wina kupatula ine. Manda a akazi awo anasiya kupitako miyendo itayamba kukana, ndipo munthu wina atawauza kuti malo a msasa uja tsopano ndi minda ya chimanga, anangogwedeza mutu.

Lolemba lina sanabwere. Lachiwiri ndinatseka makina n'kupita kunyumba kwawo, ndipo ndinawapeza ali gone, chifuwa chikulira. Tinawatengera kuchipatala pa njinga ya kabaza. Anakhalako masiku anayi. Ndinaimbira Amelia, koma anafika bambo ake atatsirizika kale m'mawa wa tsiku lomwelo.

Pamaliro panalibe anthu ambiri. Panali a kutchalitchi, ogulitsa pamsika angapo, ndi amayi ena okalamba omwe sindinawazindikire mpaka mmodzi anandiuza kuti m'nyumba mwake muli nkhope ya mwana wake yojambulidwa ndi malemuwa. Anaikidwa kumanda a pa Boma, kutali ndi a Rozina.

Titabwerako, ine ndi Amelia tinalowa m'kanyumba kaja kukalongedza. Munalibe zambiri. Anatenga bolodi ya amayi ake n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaona inayo, itatsamira khoma kumiyendo kwa bedi.

"Nanga awa ndi ndani, amayi? Si akwathu awa."

"Ndi mnzawo wa bambo anu."

Ndinamufotokozera zomwe ndinkadziwa. Anawerenga mawu a m'munsiwo kawiri, milomo ikugwedera. Anamanga mabolodi awiriwo pamodzi ndi chingwe, mapepala a kalendala aja ali pakati, nati mnzawo wa bambo akeyo sangamusiye yekha m'nyumba yoti mawa mulowa anthu ena. Anakwera nawo minibasi ya kuboda.

Mbali yawo ya khondeli ilibe munthu mpaka lero. Mwini sitolo anayesa kuikapo wogulitsa mayunitsi, koma munthuyo anakhala milungu iwiri n'kusamukira pafupi ndi depoti, ati pano sipayenda malonda. Khoma mwini sitoloyo analipaka laimu, koma misomali sanazule. Pansi simenti yake ndi yamawangamawanga, yofiira, yabuluu, yachikasu, ndipo ngakhale ndikolope bwanji sizichoka. Masana dzuwa likafika pa makina anga, mthunzi umakhala mbali imeneyo, ndipo makasitomala amandifunsa chifukwa chomwe sindisunthira komweko. Ndimawayankha kuti mawa. Mathiraki akamadutsa kupita kumalire fumbi limagwera pamenepo, ndipo madzulo ndikamaweruka ndimasesa mbali zonse ziwiri.